Phokoso la pansi pa mpando

Minibasi ya amalume inayamba kunjenjemera chakumapeto kwa dzinja lapitali. Sikunali kunjenjemera koopsa ayi. Ukakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala sunkamva kanthu. Koma ukakhala chapakati, mapazi ali pansi, unkamva ngati pansi pa mpando pali munthu akusefa ufa mofulumira. Kunkayamba singano ikafika pa 60, n'kukula pa 70, ikadutsa 80 n'kuzilala ngati sikunakhaleko. Ndipo tikamanyamuka pa siteji, makamaka pachitunda, galimoto yonse inkachita ngati yamva tsembwe, kenako pansi n'kumveka kamodzi kuti gu!

Ine ndinakumva msanga chifukwa chapakatipo ndiye mu ofesi mwanga. Amene mumawerenga kuno mukudziwa kale: digiri ndili nayo, ili mu sutikesi kwa amayi, makalata ofunsira ntchito ndasiya kuwawerenga, ndipo masiku ambiri ndimakhala kondakitala pa minibasi ya amalume, kuchokera ku Limbuli mpaka ku Limbe kudzera msewu wa Midima. Tsiku loyamba ndinauza adalaivala athu, bambo wa ana asanu amene amanditchula kuti a Digiri. Anamvetsera pang'ono, n'kuseka.

"Galimoto yakale siyenda chete, a Digiri. Ngakhale agogo anu mawondo amalira."

Atatero anatambasula dzanja n'kukweza wailesi.

Dzanja limenelo ndi limene landilembetsa lero. Funso langa ndi ili: munthu amene sakudziwa chinthu chifukwa choti wakonza yekha kuti asachidziwe, tinganene kuti alibe mlandu? Ndipo kodi umphawi umasintha yankho lake?

Ndiyambe ndi mbiri ya galimotoyo, poti popanda iyo mungaweruze msanga. Ndi HiAce yakale, amalume anaigula kwa munthu wina ine ndili Fomu 4. Ndili chaka chachiwiri ku Chancellor College ku Zomba anaikweza kumbuyo: pa masipuling'i aja a zitsulo zosanjikizana anawonjezera zitsulo ziwiri mbali iliyonse. Chifukwa chake aliyense wa kuno amachidziwa. Amene amakwera ku Limbuli sakwera chimanjamanja. Pali matumba a nandolo, chimanga chochokera kutsidya kwa Muloza, nthochi, nanazi wa m'njira. Minibasi yosakweza ikasenza zonsezi imakhala pansi ngati bakha, matayala kumakhula m'mwamba pa bampu iliyonse. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, misewu ndi milatho yambiri kuno ndi ku Phalombe itawonongeka, amalume anawonjezeranso: anaitukula ndi zitsulo zina kuti izidutsa m'njira zolambalala popanda kukhula mimba. Pa siteji anthu ankaiyamikira. Inkaima modzikuza, matako m'mwamba.

Ndalama ya katundu wowonjezerayo ndi imene inandidyetsa ku Zomba. Kwathu kuno malume ndiye mwinimbumba, ana a mlongo wake ndi mtolo wake, ndipo amalume anga sanauthawe mtolowo. Kanyumba kamene ndinkachita lendi ku Chikanda, mapepala, sopo, zonse zinatuluka pa zitsulo zinayi zija. Ndikunena izi kuti mudziwe amene akulankhula. Si woweruza wochokera kunja. Ndi munthu amene anadya nawo.

Panatha milungu isanu ndi umodzi wailesi ikukwerabe. Kenako Lamlungu lina, amalume ali ku maliro, ndinanyengerera adalaivala kuti tipite nayo kwa makaniko wina wachikulire wa pa Chitakale, amene garaja yake ndi mtengo wa mango ndi bokosi la masipanala basi.

Chimene chinandidabwitsa n'choti sanayambe ndi kulowa pansi pa galimoto. Anayamba ndi mafunso, ngati dokotala. Kunjenjemerako kumatsatira injini kapena liwiro? Sitinadziwe. Anakwera, n'kulamula kuti wailesi izimitsidwe, tinalowera cha ku Chisitu. Singano itafika pa 70 anati adalaivala achotse giya, galimoto iziyenda yokha. Injini inatsika mawu, koma kusefa ufa kuja kunalipobe, kungochepa pang'ono. "Ndiye si injini," anatero. Anagwira chiwongolero ndi zala ziwiri: chinali phee. Chikanakhala kuti chikugwedezeka, akanayang'ana matayala akutsogolo. Anasamukira kumbuyo, anavula nsapato n'kuponda pansi ndi phazi losavala. Anati tayala lopindika kapena losalingana kulemera limagunda mwapang'onopang'ono, umatha kuwerenga; koma ichi chinali chothina kwambiri, chifukwa propshaft imazungulira kanayi kapena kupitirirapo pang'ono pamene tayala lazungulira kamodzi. Anauza adalaivala akhotere uku ndi uku pamsewu wopanda anthu, kuti amve ngati phokoso lisintha, poti bearing ya tayala ikatha imalira kwambiri kulemera kukapita mbali yake. Silinasinthe. Anati aponde moto, asiye, apondenso. Gu! Gu! Apo anagwedeza mutu. Diff ikanakhala ndiyo yodwala ikanalira ngati mluzu wosintha mawu ukaponda ndi ukasiya. Iyi sinkaimba mluzu, inkagogoda.

Mphindi makumi atatu zokha, osamasula bawuti ngakhale imodzi, anali atachotsa pa mndandanda injini, matayala ndi diff. Pobwerera pansi pa mtengo paja ndi pamene anayala katoni n'kulowa pansi, n'kundiitana. "Bwerani kuno aphunzitsi, muone."

Kwa amene simunagonepo pansi pa minibasi: propshaft ndi chitsulo chonga paipi chimene chimatenga mphamvu ku gearbox kupita nayo ku diff, pakati pa matayala akumbuyo. Yathu ili ndi zigawo ziwiri, pakati yagwiridwa ndi centre bearing yokhala mu labala. Polumikizira pake pali ma universal joint, timitanda tachitsulo tokhala ndi tizipewa tinayi, timene timalola kuti chitsulocho chizizungulira chili chopindika. Pa kamtanda kakumbuyo panali ufa wofiira wa dzimbiri kuzungulira tizipewa. Anagwira shafti n'kuipotoza uku ndi uku: inkasewera. Labala wa centre bearing anali atang'ambika mbali imodzi.

Ndinati ndiye basi, tapeza, tisinthe kamtandako. Anandiyang'ana momwe aphunzitsi a masamu ankandiyang'anira ndikalemba yankho lopanda njira. Kamtanda kameneka, anatero, anakasintha yekha chaka chatha. Funso si loti chatha n'chiyani, koma chikuchitha n'chiyani.

Anandibwereka foni, ili ndi kapulogalamu koyezera kupendekeka, n'kuigunditsa pa shafti ndi pa diff. Kenako anafotokoza zimene pambuyo pake ndinakaziwerenga n'kupeza kuti ananena zoona ndendende. Universal joint ikamagwira ntchito ili yopindika, mbali yolandira siyenda liwiro limodzi. Imathamanga, n'kuchedwa, kuthamanga, n'kuchedwa, kawiri pa kuzungulira kumodzi. Robert Hooke, wasayansi wa ku England, anaziona kale zimenezi m'zaka za m'ma 1600. Mankhwala ake ndi oti joint ina ipindike mofanana nayo ndipo zikhale molunjikana, kuti kuchedwa kwa iyi kukumane ndi kuthamanga kwa inayo, zifafanizane. Opanga galimoto amayeza zonsezi, kupindikako n'kukhala kochepa, madigiri ngati 3 kapena kucheperapo, ndiponso kofanana. Ukatukula thupi la galimoto pamwamba pa matayala, gearbox imakwera nalo, diff imatsala pansi, shafti imatsetsereka kwambiri, ndipo kufanana kuja kumatha. Yathu kumbuyo inali pa 8.

"Inu muli ndi digiri imodzi," anatero akutuluka pansipo, "iyi ili nawo 8, koma nonse muli pa ulova wa maganizo." Adalaivala anaseka mpaka kukhala pansi.

Koma chimene sindinachiiwale ndi chotsatira. Anafunsa: imanjenjemera kwambiri ikakhala yopanda anthu kapena yodzaza? Tinayang'anana. Zoonadi, m'mawa popita ku Limbuli tili awiri ndi pamene inkavuta. Pobwerera, matumba ali mpaka kudenga, inkakhala ngati yachira. Eya, anatero, chifukwa katundu amapondereza masipuling'i, thupi limatsika, shafti imabwerera pafupi ndi pamene inayenera kukhala. Ndiye kuti tinapanga galimoto imene imakhala chete pokhapokha itasenza mopitirira muyeso. Ikakhala pa ngozi yaikulu, yolemera, yaitali msinkhu, yosavuta kugubuduka pokhota, ndi pamene imatiuza kuti zonse zili bwino.

Ndinamufunsa chimene chingachitike tikangoisiya. Anati mwina palibe, kwa miyezi. Mwina kamtanda kadzathyoka tili pa 20 pa msika, shafti n'kugwa, anthu n'kutsika kukwera ina. Mwinanso kadzathyoka tili pa 80, chitsulo cholemera chikuzungulira chomasuka pansi pa mapazi a anthu, pafupi ndi mapaipi a buleki ndi thanki ya mafuta. Ndipo ikaduka chakutsogolo imatha kuzika pa tala n'kutukula galimoto. Sananene moopseza. Ananena ngati akutiuza mtengo wa tomato.

Usiku umenewo ndinakumbukira nkhani ina imene tinawerenga m'kalasi ya filosofi. William Kingdon Clifford, katswiri wa masamu wa ku England, analemba mu 1877 nkhani yotchedwa The Ethics of Belief. M'menemo muli mwini sitima ya pamadzi yakale, yoti inyamule anthu osamukira kudziko lina. Munthuyo ali ndi chikaiko ngati sitimayo ili bwino, koma kuiyeza ndi kuikonza n'kodula. Ndiye amadzilankhula yekha mpaka chikaiko chitatha: yayenda maulendo ambiri, yapulumuka anamondwe ambiri, Mulungu sangataye mabanja osauka. Pofika tsiku lonyamuka akukhulupirira ndi mtima wonse kuti sitima ili bwino. Sitima imamira. Clifford akuti munthuyo ali ndi mlandu wa imfa zimenezo, ngakhale ankakhulupiriradi, chifukwa chikhulupirirocho sanachipeze mwa kufufuza, anachipeza mwa kutsekereza chikaiko. Ndipo amapitirira: ngakhale sitimayo ikanafika bwino, mlandu ukanakhalapobe, kungoti sukanadziwika.

Tili m'kalasi ndinkaona ngati ndi nkhani ya azungu ndi sitima zawo. Lero ndikuona kuti ndi nkhani ya dzanja lotambasukira ku wailesi. Adalaivala athu si munthu wabodza. Mukanawafunsa sabata yachitatu ngati galimoto ili bwino, akanayankha kuti inde, ndipo akanakhala akunena zimene akukhulupirira. Koma chikhulupirirocho anachimanga okha, tsiku ndi tsiku, ndi kabatani ka voliyumu.

Komabe sindikufuna kumumeza Clifford wathunthu. Mwini sitima wake anali ndi ndalama. Chimene ankateteza ndi phindu. Amalume anga akuteteza chiyani? Nditawauza Lolemba madzulo, tili pakhonde, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anayamba kuwerenga pa zala. Ngongole ya matayala. Mafuta amene umagona nawo pamzere. Zipangizo zimene mtengo wake unalumpha kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo sunatsikenso. Nyumba zinayi zimene zimadya pa galimoto imeneyi: yawo, ya amayi anga, ya adalaivala, ya agogo.

"Mphwanga," anatero, "ndikachotsa zitsulozo, matumba a amayi aja a ku Limbuli akwera ya wina. Ya winayo ndi yokweza ngati yomweyi. Ngozi sinachoke pamsewu, yangosamuka. Chachoka ndi nsima ya m'nyumba muno. Ndiye sukulu yakoyo ikuti chiyani pamenepa?"

Sindinayankhe bwino tsiku limenelo, ndipo sindinama kuti funsolo ndi lopepuka. Pali nzeru ina yotchipa imene ife ophunzira timaikonda, yoloza chala munthu wosauka chifukwa chosatsatira malamulo olembedwa ndi anthu okhuta. Munthu wa Land Cruiser sakweza masipuling'i, eti, poti sasowa kutero. Ndipo n'zoona kuti mlandu pano uli ndi eni ake ambiri: amene anawotcherera zitsulo osayeza kalikonse, amene amaona minibasi yotere pamsewu n'kuilola idutse, apaulendo amene amakana kukwera ukawauza kuti thumba lachitatu silikwana, ngakhale msewu weniweniwo. Koma ndaona kuti mlandu ukagawidwa kwa anthu khumi, aliyense amatenga kachidutswa kakang'ono koti sangakamve m'thumba. Pamapeto pake shafti ikagwa timati ndi ngozi, ena amati ndi zamasalamusi, ena amati inali nthawi yawo.

Nditaganiza masiku angapo ndinafika apa. Pali zinthu ziwiri zimene tinaziphatikiza, ndipo umphawi umakhudza chimodzi chokha. Kukonza kumafuna ndalama. Kumvetsera sikufuna ndalama. Makaniko uja anapeza matenda ndi phazi losavala ndi mafuta a makilomita ochepa. Tikanatha kuchita zimenezo sabata yoyamba. Sitinachite, osati chifukwa kufufuza kunali kodula, koma chifukwa tinkaopa ngongole imene kudziwa kumabwera nayo. Munthu amene akuti, "Ndikudziwa kuti kamtanda katha, ndalama ndilibe mpaka Lachisanu, ndiye mpaka tsikulo ndiyenda pa 50 ndipo sindinyamula matumba a pamwamba," ameneyo ndi wosauka amene akulimbana ndi choonadi. Mwina akulakwabe, koma akuyang'ana chinthucho m'maso, ndipo kudziwako kukusintha kayendetsedwe kake. Amene wakweza wailesi sangachepetse liwiro, chifukwa m'mutu mwake mulibe chifukwa chochepetsera. Wadzilanda yekha ngakhale chitetezo chaulere chija.

Ndipo pali anthu khumi ndi asanu kumbuyoko amene sanafunsidwe. Amalume akaika moyo wawo pachiswe chifukwa cha mbumba yawo, ndi ufulu wawo, mwinanso ndi ulemu wawo. Koma mayi wokwera pa Nkando ndi mwana kumbuyo walipira ulendo wa ku Limbe, sanalipire kuti alowe nawo mu njuga ya banja lathu. Iye satha kugona pansi pa galimoto n'kuona ufa wofiira. Akukhulupirira kuti amene akudziwa amva m'malo mwake. Timakonda kunena za umunthu pa maliro ndi pa maukwati. Ine ndikuganiza kuti umunthu wa dalaivala ndi kondakitala uli m'makutu.

Apa ndiye pamene nkhaniyi imandiwawa, ndipo ndazengereza kufikapo. Sabata yachinayi, tisanapite kwa makaniko, agogo ena aakazi anakwera pa Mimosa ndi dengu la nanazi. Anakhala pampando womwe uja. Titadutsa pa boma anandikoka malaya.

"Mwanawe, pansipa pakutani?"

Ndinayankha osaganiza n'komwe: "Ndi msewu chabe, agogo, musadandaule."

Msewu wake unali wosalala ngati tebulo. Ndinkadziwa kuti si msewu. Adalaivala anadzinamiza okha. Ine ndinanamiza munthu wina, wamkulu woti n'kubala amayi anga, amene thupi lake linamuuza zoona n'kubwera kwa ine kudzatsimikiza. Ndinalandira ndalama yake, n'kumubwezera chenji. Clifford ndinali nditamuwerenga, mayeso ake ndinakhoza bwino. Ndikafuna kudziteteza ndimati kondakitala sangaopseze apaulendo pakati pa msewu, ndipo mwina n'zoona. Koma ndikudziwa chimene chinayankha pakamwa panga tsiku lija. Sichinali chifundo pa agogowo. Inali lendi ya ku Chikanda, sopo uja, zitsulo zinayi zija. Wakudyetsa sumutsutsa pagulu, ndipo ukazolowera, sumutsutsanso ngakhale mumtima.

Kodi kuyamika kumafika pati? Funso ili sindinalithe. Amalume sanandiuzepo kuti ndikhale chete chifukwa anandiphunzitsa. Ndinadzitseka ndekha pakamwa, n'kumati ndi ulemu. Tsiku limene ndinalankhula pakhonde paja ndinkanjenjemera kuposa minibasiyo. Ndipo atandifunsa kuti sukulu yanga ikuti chiyani, yankho loona likanakhala loti sukuluyo inagulidwa ndi katundu yemweyo amene ndikumudandaula, ndiye ngati ili ndi ntchito iliyonse m'banja muno, ndi yoti mmodzi wa ife azitha kunena kuti si msewu.

Zimene zinachitika si zazikulu. Amalume anakhala masiku atatu osandilankhula bwino. Lachinayi anapita okha ku Chitakale, osandiuza. Zitsulo zotukulira za pambuyo pa Freddy zija zinachotsedwa. Kamtanda ndi centre bearing anasintha, ndalama yake anakongola kwa alamu awo. Makaniko anaika tizitsulo topendekeka pakati pa masipuling'i ndi ekiselo kuti mphuno ya diff iyang'ane bwino, ndipo pobwezera shafti anatsatira zizindikiro zimene anajambula ndi choko asanaimasule, kuti timitanda tilunjikane. Koma zitsulo zinayi zoyamba zija zilipobe. Amalume anati zimenezo ayi, ndipo ine sindinalimbikire. Matumba tikunyamulabe kuposa mmene opanga galimotoyo anaganizira. Musandifunse ngati ndakhutira.

Kamtanda kakale ndinakapempha, kali patebulo pamene ndikulemberapa. Ukachotsa kachipewa kamodzi, timasingano ta m'kati tinasanduka phala la dzimbiri, ndipo chitsulo chenichenicho chili ndi mizere yokumbika ngati chinatafunidwa.

M'mawa uliwonse tikamapita ku Limbuli tili awiri, tikangodutsa minda ya tiyi ya kuseri kwa boma pamene msewu uli wowongoka, ndimapempha adalaivala azimitse wailesi. Masiku oyamba ankang'ung'udza. Dzulo anazimitsa okha ndisananene, phiri lili mu nkhungu kumanzere kwathu, n'kuikweza mpaka pa 70. Ndinavula patapata n'kuponda pansi.

"Mwamva chiyani, a Digiri?"

"Chilipobe. Pang'ono."

Anakhala chete, n'kutsitsa phazi mpaka singano inabwerera pa 60. Wailesi anaiyatsa titafika pa Mimosa.